Chisanu Chatha: Tisamuiwale Mnzathu Woyembekezera

Amayi anzanga, Ogasiti akutha ndipo chisanu chapita. Mitengo ya mango yachita maluwa, mombo waphukira masamba ofiira, dzuwa nalo layamba kuwomba. Nyengo ino maulendo amachuluka: kumunda kokasosa, kumsika, kuchigayo, ndiponso kokatunga madzi kutali poti zitsime zina zayamba kuphwa.

Amene amavutika kwambiri ndi mayi woyembekezera. Akayenda mtunda wautali padzuwa atasenza ndowa, thupi limataya madzi ambiri, amachita chizungulire, mwina kugwa kumene. Ena amajomba kusikelo chifukwa chosowa wowasiyira ana.

Tingamuthandize bwanji?

1. Popita kumjigo kapena kuchigayo, tidzere kwawo timutengereko ndowa kapena thumba lake.
2. Tizimukumbutsa kumwa madzi aukhondo pafupipafupi, osadikira ludzu.
3. Timusungire ana pa tsiku la sikelo. Ayambe sikelo miyezi 3 yoyamba isanathe, ndipo apiteko maulendo osachepera 8.
4. Akamataya magazi, mutu ukamamupweteka kwambiri, akatupa nkhope ndi manja, akatentha thupi, kapena mwana akasiya kusewera m'mimba, timuperekeze kuchipatala nthawi yomweyo.

Zokambirana pagulu: Kodi kwathu kuno woyembekezera ndani? Nanga ndani mwa ife akamuzonde sabata ino?