Ndakatulo zandale za Amaravi: mafunso ndi mayankho

Ana a Amalawi okulira ku Takoma Park ndi madera ozungulira Washington akamafunsa za ndakatulo za makolo awo, tiwayankhe chiyani?

Kodi makolo athu anali ndi ndakatulo pomwe sankalemba?

Anali nazo, zinkakhala pakamwa. Ufumu wa Maravi, womwe Kalonga ankaulamulira ali ku Mankhamba pafupi ndi Ntakataka, udakula m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Mbiri ya mafumu ndi madandaulo a anthu wamba zinkayenda m'nyimbo.

Nanga ndale zinkalowa pati?

Nyimbo inkanena zomwe munthu sakadayerekeza kunena pabwalo. Mayi akamasinja, munsi ukugunda mumtondo, ankadzudzula mwamuna, apongozi ngakhalenso nyakwawa osatchula dzina, koma mudzi wonse unkadziwa mwini nkhani. Chilombo cha Gule Wamkulu chochokera kudambwe nacho sichiimbidwa mlandu, poti ndi mzimu. M'nthawi ya atsamunda, Simoni wa nkhope yofiira ankanyogodola mzungu anthu akuonerera.

Zidamanga bwanji umodzi?

A Phiri adagwira ufumu, pomwe a Banda adasunga za mvula ku Msinja, kwa Makewana. Chinamwali, gule ndi nyimbo zidawasandutsa mtundu umodzi. Mfumu Undi atapita kukakhazikika ku Mano, m'chigawo cha Tete, adapita nazo. N'chifukwa chake Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhanabe ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti pa Kulamba. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi.

Kodi zidachitikanso kwina?

Inde. Ku Mali, alakatuli apakamwa adasunga mbiri ya Sundiata, mfumu ya m'zaka za m'ma 1200. Ku Persia, Ferdowsi adamaliza Shahnameh mu 1010, ndipo bukuli lidalimbitsa chilankhulo cha kwawo.

Kodi luso lophiphiritsali lidatha?

Ayi. Jack Mapanje adalitengera m'buku lake la Of Chameleons and Gods la mu 1981. Boma la Kamuzu Banda lidamva mkuluwiko wake, ndipo adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Ife okhala kunja tichitepo chiyani?

Agogo akaimba foni kuchokera kumudzi, apempheni aimbire adzukulu awo nyimbo imodzi ndi kuimasulira. Ijambuleni, ana aiphunzire eni ake akadali moyo.