Mwana wa Kumsana ndi Mwana Ali M'njira

Amayi, mwabwera kusikelo ndi mwana kumsana, ndipo ena mwa inu muli kale ndi pakati pena. Imeneyi ndi nkhani yaikulu m'banja. Mtima umathamangira kutsogolo: zitenje, ndalama za ulendo, ndi amene adzakudikirireni kuchipatala. Kukonzekera ndi kwabwino ndithu. Koma phunziro lathu ndi ili: pokonzekera mwana amene akudza, musaiwale mwana amene muli naye lero.

Kodi choopsa nchiyani?

Makolo athu ankalidziwa vutoli, ndipo ankalitcha utumbidwa. Ku Ghana nako, m'chaka cha 1935, dokotala Cicely Williams analemba za matenda otupikana a ana nawatcha kwashiorkor, mawu a anthu a kumeneko onena za matenda amene mwana amadwala akabadwa mng'ono wake. Mwana wotere amatupa mapazi ndi masaya, tsitsi lake limafiira, ndipo sasewera. Mimba ya mayi payokha sidwalitsa mwana. Chimene chimamudwalitsa ndi kumuletsa kuyamwa mwadzidzidzi popanda chakudya chokwanira cholowa m'malo mwa bere.

Zoyenera kuchita lero

1. Pitirizani kuyamwitsa. Mkaka wa mayi woyembekezera suwonongeka. Mwana ayenera kuyamwa kufikira zaka 2, pokhapokha achipatala atakulangizani mwina. Pomuletsa, chitani pang'onopang'ono, ndipo musamutumize kwa agogo ake tsiku lomwelo.

2. Mwana amene wapitirira chaka adye kasanu pa tsiku, m'mbale yakeyake. M'phala la mgaiwa thiranimo nsinjiro, ufa wa soya, dzira kapena mafuta pang'ono. Kachewere yekha sakwanira: muonjezereni nyemba, usipa, masamba ndi zipatso.

3. Musadumphe sikelo. Mwezi uliwonse mwana akwere sikelo kufikira zaka 5. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndiponso pa miyezi 15, ndipo vitamini A miyezi 6 iliyonse. Mzere wa m'kabuku kake ukaleka kukwera, funsani alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo.

4. Kuno ku Chimbiya kumazizira kwambiri mu June ndi July. Mufunditseni bwino mwana. Akamatsokomola ndi kupuma mofulumira, kapena nthiti zikamalowa m'kati, chingakhale chibayo. Musadikire kuti kuche.

5. Khalani naye pansi, mucheze naye, mumuuze kuti kukubwera mlendo. Azolowere msanga kudyetsedwa ndi bambo ake kapena azakhali ake, kuti masiku amene mudzakhale kuchipatala asadzakane chakudya.

Zokonzekera pang'onopang'ono

Yambani sikelo ya amayi apakati mimba isanapitirire miyezi 3, ndipo yesetsani kuonana ndi azamba kasanu ndi katatu mimba isanathe. Kumeneko mudzayezedwa magazi, mudzalandira katemera wa kafumbata, mapiritsi owonjezera magazi, ndi Fansidar woteteza malungo nthawi yake ikakwana. Inu ndi mwana muzigona m'neti usiku uliwonse.

Mukakolola, musagulitse zonse pamsika wa Chimbiya. Sungani nyemba, soya ndi mtedza zoti zikufikitseni mu January ndi February, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Pa ndalama za kachewere, patulani pang'ono tsiku lililonse la msika, muzisungire ulendo wa kuchipatala. Chitenje chimodzi mwezi uno, beseni mwezi wamawa, kachipewa ka khanda mwezi winawo: potero tsikulo silidzakudzidzimutsani.

Kambiranani ndi bambo akunyumba zinthu zitatu: kumene mukachirire, chimene mudzakwere, ndi amene adzasamale ana otsala. Ngati kwanu nkutali, kadikirireni kuchipatala masiku atayandikira. Mukaona magazi, mutu waukulu, kutupa kumaso ndi manja, kutentha thupi, kapena mwana akaleka kugunda, pitani msanga. Mavuto aakulu amatumizidwa kuchipatala cha boma ku Dedza.

Mukachira, funsani za njira zolerera. Ndi bwino kuti papite zaka 2 musanatengenso pakati, kuti thupi lanu libwerere mwakale.

Kumbukirani

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana akapinimbira ali wamng'ono, nkovuta kuti adzabwezeretse msinkhu wake. Zitenje mungathe kugula mwezi wamawa, koma phala la lero liyenera kuphikidwa lero. Mwezi wamawa mubwere nayenso kusikelo, ndipo musaiwale kabuku kake.