Kugulitsa Soseji ya Nkhumba pa Mwambo wa Mafumu

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, ku Mkaika m'boma la Katete sikukhala poponda phazi. Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakhamukira kumeneko kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo gule akamatuluka m'bwalo, fumbi lili koboo, aliyense amayamba kufunafuna chotafuna. N'chimodzimodzi ku Hora pa Umthetho wa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, ndi ku Ntcheu pa Umhlangano wa Inkosi ya Makosi Gomani. Banja loweta nkhumba zitatu kapena zinayi likhoza kupindula pa masiku otere, malinga nyama yake ikhale yosadwalitsa munthu kapena chiweto cha mnzake.

Za kagulitsidwe tikhoza kuphunzira kwa achinyamata a m'misewu ya Nairobi. Iwo amakankha tingolo tagalasi tokhala ndi makala pansi, kugulitsa timasoseji totchedwa smokie, tambiri ta kampani ya Farmer's Choice. Kasitomala akafika amakang'amba pakati, kuthiramo kachumbali, n'kumupatsa kali kotentha. Kanthu kakang'ono, kotentha, ka mtengo woti munthu sachita kuganiza kawiri: malonda apamwambo amafuna zomwezo.

Yambani ndi nkhumba. Sankhani yathanzi, yoleredwa m'khola, osati yongoyendayenda m'mudzi. Ngati inabayidwa jakisoni posachedwa, funsani alangizi a ziweto masiku oyenera kudikira musanaiphe. Mukapha, itanani woyeza nyama, ndipo inunso yang'anani lilime, mtima ndi mnofu wa m'masaya. Mukaona timibulu toyera ngati mpunga, tomwe kum'mawa kwa Zambia amati masese, nyamayo si yamalonda. Timeneto timasanduka nyongolotsi m'mimba mwa munthu, ndipo mazira a nyongolotsiyo ndi amodzi mwa zinthu zoyambitsa khunyu.

Iphani m'mamawa, kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo uchitike. Pa kilogalamu iliyonse, magawo atatu akhale mnofu, gawo limodzi mafuta, chifukwa soseji yopanda mafuta imauma ngati chikuni. Gayani kapena duladulani tizidutswa tating'ono kwambiri, nyama ili yozizira. Thirani mchere magalamu 18 pa kilogalamu, womwe ndi pafupifupi supuni yaikulu imodzi, kenaka adyo wosinja, jinja ndi tsabola pang'ono. Kandani ndi manja osamba bwino mpaka nyama iyambe kumata m'zala.

Ntchito yofuna kudekha ili pa matumbo. Tengani matumbo aang'ono, atembenuzeni, palani ndi kumsana kwa mpeni mpaka atsale opyapyala oonekera kuseri, ndipo muwatsuke kangapo m'madzi amchere. Ngati mulibe makina, dulani botolo lapulasitiki loyera, muveke thumbo kukamwa kwake, muzikankha nyama ndi chala. Musadzaze mothinitsa, angaphulike. Potolozani pa utali wa chala chapakati, ndipo pomwe mwalowa mpweya boolani ndi singano.

Soseji youmika yaiwisi, monga amachitira ku Italy ndi Spain, imafuna malo ozizira ndi mchere wapadera woyezedwa mosamala. Ndi kutentha kwa kwathu kuno, m'nyumba wamba, musayese. Yanu ipse. Iikeni m'madzi otentha koma osabwadamuka kwa mphindi 25 kapena 30, mpaka mkati mufike madigiri 71. Ngati mulibe choyezera, dulani imodzi: isaoneke yofiira, ndipo madzi ake atuluke oyera. Kenaka iwambeni pa waya, pamwamba pa makala ndi zitsononkho zouma, kuti ilowe utsi. Nkhuni za paini ndi matabwa opentedwa zimaononga kukoma. Ikazizira, ilowe m'firiji, ndipo paulendo iyende m'bokosi la ayezi.

Chenjezo lalikulu ndi chigodola cha nkhumba. Matendawa, omwe anayamba kulembedwa ku Kenya mu 1921, alibe mankhwala, ndipo amatha kupululutsa khola lonse m'masiku ochepa. Sagwira munthu, koma kachilombo kake kamakhala miyezi m'nyama yothira mchere kapena yowamba. Choncho musadutse ndi nyama pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, kaya kudzera njira zachidule. Wa ku Katete agulitse ku Mkaika, wa ku Mzimba ku Hora, wa ku Ntcheu kwawo komweko. Funsani ku ofesi ya ziweto ngati boma silinaletse kugulitsa nkhumba m'dera lanu, ndipo tengani chilolezo ku khonsolo ndi kwa okonza mwambo.

Pamalo ogulitsira, tulutsani soseji zochepa zochepa m'bokosi, muziotche pa mbaula kasitomala akuona. Yomwe yakhala kunja maola awiri osatenthetsedwa isagulitsidwe. Vundikirani ku fumbi ndi ntchentche. Mukhale awiri, wina wogwira nyama, wina wolandira ndalama, ndipo pambali pakhale chigubu cha madzi ndi sopo. Lembani chikwangwani choonekera patali kuti ndi nkhumba, pakuti Asilamu ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist sadya, ndipo kuwabisira n'kuwalakwira kwambiri. Chiwaya ndi mpeni wa nkhumba zisakhudze mbuzi kapena nkhuku.

Mukabwerera kunyumba, zotsala ndi madzi otsukira ziwiya zisapite kukhola. Sambani, sinthani zovala ndi nsapato musanakaone nkhumba zanu, chifukwa pamwambo mwaponda pomwe anaponda alimi a midzi yambirimbiri. Ndalama za tsikulo zigawidwe usiku womwewo: za madeya, za katemera ndi mankhwala anyongolotsi, ndi za kamwana kankhumba kolowa m'malo mwa yomwe mwaphayo, kuti Ogasiti wa chaka chamawa akakupezeni muli ndi ina yonenepa.