Kodi Linux nayo imakhala ndi tsiku lotha ntchito?

Pa botolo la mankhwala amalembapo tsiku lomwe adzathe mphamvu. Operating system, pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa kompyuta yonse, nayonso ili ndi tsiku lotere. Vuto lake n'lakuti tsikulo likadutsa kompyuta imayakabe bwinobwino, ndiye ambiri sazindikira. Lero ndikufuna tione nkhaniyi pogwiritsa ntchito Debian, mtundu wa Linux womwe Ian Murdock anauyambitsa mu 1993, ndipo mpaka pano amausamalira ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana.

Mwina mukufunsa kuti, pulogalamu ingakalambe bwanji poti siichita dzimbiri? Imakalamba chifukwa anthu amatulukiramo zibowo. Mu 2014 kunapezeka chibowo chotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yobisa mauthenga pa intaneti. Kudzera pamenepo wakuba akanatha kuwerenga zomwe zili mu memory ya seva, ngakhale mapasiwedi. Chibowo chikadziwika, pamafunika wina woti asoke chigamba. Osoka zigamba akasiya, operating system ija ndiye kuti yatha ntchito.

Ku Debian pulogalamu yatsopano imayambira m'gawo la unstable, lomwe amalitchanso sid. Ikakhala masiku angapo osaonetsa vuto lalikulu imalowa mu testing. Kenako amatseka chitseko: zatsopano basi, tsopano n'kukonza zolakwika zokhazokha. Zikatheka, testing ija imatulutsidwa ngati stable. A Debian salonjezeratu tsiku, amatulutsa akaona kuti zapsa, koma kawirikawiri pamadutsa zaka ziwiri. Debian 12 inatuluka mu June 2023, Debian 13 mu August 2025.

Stable ikatuluka, gulu loona zachitetezo limaisamalira kwa zaka pafupifupi 3. Pambuyo pake gulu lina, la LTS, limapitiriza mpaka zaka zikwane 5. LTS ndi chidule cha Long Term Support, kutanthauza chisamaliro cha nthawi yaitali, ndipo ku Debian inayamba mu 2014. Tawerengani nokha: Debian 12 idzalandira zigamba mpaka 2028.

Nanga bwanji osangosamalira mpaka kalekale? Apa ndi pomwe ndimati mumvetsetse. Amene analemba pulogalamu amakonza chibowo mu mtundu wake watsopano. Wa LTS amayenera kutenga chigamba chokhacho n'kuchisokera pa mtundu wakale, osasintha china chilichonse, kuopa kuti seva ya pachipatala kapena pasukulu ingadzuke itasokonekera. Pulogalamu ikamakalamba, chigamba chatsopano chimavuta kukwana, ngati kusoka nsalu yatsopano pa malaya othaitha. Ntchitoyi imadya nthawi, n'chifukwa chake ena mwa oigwira amalipidwa ndi ndalama zomwe makampani amasonkha kudzera ku kampani ya Freexian. Ngakhale zili choncho, si mapulogalamu onse omwe LTS imawasamalira.

Ena amayendetsa mosiyana. Fedora imatuluka miyezi 6 iliyonse ndipo imasamaliridwa kwa miyezi pafupifupi 13. Mumapeza zatsopano msanga, koma chaka chilichonse muyenera kusamuka. Ubuntu ili ndi zonse ziwiri: yapakati ya miyezi 9, ndi ya LTS ya zaka 5 yomwe imatuluka mu April zaka ziwiri zilizonse.

Lonjezo lotere limathanso kusintha. Mu December 2020 kunalengezedwa kuti CentOS 8, yomwe anthu ankadziwa kuti ifika 2029, ithera kumapeto kwa 2021. Omwe anali atangoiika pa maseva awo anagwira njakata, ndipo n'chomwe chinabala Rocky Linux ndi AlmaLinux. Choncho musamangofunsa kuti zaka zingati, muzifunsanso kuti walonjezayo ndani, ndipo ali ndi anthu okwanira ogwira ntchitoyo?

Ntchito yanu sabata ino: mukapeza kompyuta ya Linux, tsegulani terminal mulembe cat /etc/os-release. Onani dzina ndi nambala yake, mufufuze chaka chomwe inatuluka, kenako muwerengere kuti zigamba zake zidzasiya liti kubwera. Ngati tsikulo linadutsa kale, kawauzeni aphunzitsi anu.