Dothi la chamba: woyamba kumene amvere ndani?

Wamalonda akapeza kangachepe pa benchi amaganiza zoika ndalamayo m'munda, ndipo chiyambireni 2020, pomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ambiri aika maso pa mbewuyi. Koma akangofunsa za dothi loyenera, mutu sachedwa kuzungulira. Mlimi wa fodya amulozera nthaka yamchenga. Mkulu wa ku Nkhotakota, komwe chamba chidatchuka kalekale, akuti chimamera paliponse bola pakhale pamphanje. Wa pa YouTube akuti agule dothi la m'matumba. Wogulitsa feteleza naye akuti dothi si nkhani, nkhani ndi thumba lakelo.

Asanafike ku dothi, pali chiphaso. Amapereka ndi bungwe la Cannabis Regulatory Authority (CRA), ndipo popanda icho ngakhale tsinde limodzi ndi mlandu. Pomwe mitengo idalengezedwa koyamba, chiphaso cholimira chamba cha mankhwala chinali madola 10,000 a ku America, cha m'mafakitale madola 2,000; n'chifukwa chake alimi ang'onoang'ono amalowera m'makopaletivi. Ndalama yotere siikidwa pa munda wongoganizira.

Alangizi anayi aja si kuti onse akunama. Vuto n'lakuti aliyense akunena za mbewu yake, malo ake ndi msika wake. Wa pa intaneti nthawi zambiri amalima m'miphika, m'nyumba younikira magetsi, mbewu zowerengeka pa zala. Dothi logula la ekala yathunthu lingadye mpamba wonse mbewu isanamere. Mkulu wa kumapiri uja amadziwa chamba chamakolo, chomwe chidazolowera nyengo ya kuno, ndipo wogula wake sankachipititsa ku labotale. Wa chiphaso cha m'mafakitale amayezedwa: THC, mankhwala oledzeretsa a m'chamba, asapitirire 1 peresenti. Mbewu yopatsidwa ndi mnansi ingamugwetse pamenepo dothi lili labwinobwino.

Tsono chamba chimafuna dothi lotani? Chimafuna lofewa, lachonde, losakanikirana mchenga ndi dongo, lomwe limasunga chinyezi koma osadikha madzi. Mfundo ya madziyi ndiyo yaikulu kuposa zonse. Muzu wake waukulu umalowa pansi, ndipo ukakhala m'madzi masiku angapo umaola. Choncho dambo ndi makande, ngakhale akuda bii ndi kuoneka achonde, ndi msampha m'nyengo ya dzinja. Mchenga weniweni nawo uli ndi lake: madzi ndi feteleza zimangodutsa, mlimi n'kumathira ndalama yopita pansi. Katondo amatheka ngati walimidwa mozama ndi kuthiridwa manyowa oola bwino. Manyowa aawisi amaotcha mbewu yanthete.

Zina mwa izi munthu atha kudziyezera wopanda kulipira. Akumbe dzenje lofika m'bondo, alidzaze madzi. Ngati mawa lake madzi akadalimo, malowo awasiyire mpunga. Anyowetse dothi pang'ono ndi kulifumbata: likamwazika lonse, mchenga wachuluka, likamata ngati loumbira mbiya, dongo ndilo lachuluka. Labwino limaumbika koma limasweka akalidina ndi chala. Chimanga cha chaka chatha nachonso ndi mboni. Pomwe chidachita chikasu madzi ataima m'mizere, chamba chidzavutika koposa.

Chomwe maso sangaone ndi asidi wa m'nthaka. Chamba chimakonda pH ya pakati pa 6 ndi 7, ndipo minda yambiri yomwe yadya feteleza zaka ndi zaka popanda manyowa imatsika kupitirira pamenepo. Asidi akachuluka, mbewu imalephera kudya feteleza yemwe wathiridwa, mlimi n'kumaonjeza matumba poganiza kuti wachepa. Apa mpofunika labotale. Malo a kafukufuku wa zaulimi monga Chitedze ku Lilongwe, komwe chamba cha m'mafakitale chidayeserera lamulo lisanadutse, ndi Bvumbwe ku Thyolo amayeza dothi. Katengedwe kake n'kosavuta: kutapa dothi lakuya masentimita 20 m'malo osiyanasiyana a munda, kusakaniza m'ndowa yoyera, ndi kutengapo pafupifupi kilogalamu imodzi. Zotsatira zikati pafunika laimu, athiridwe miyezi iwiri kapena itatu asanadzale, chifukwa sagwira ntchito tsiku lomwelo.

Pali chinanso chomwe alangizi a pamsika satchula kawirikawiri. Chamba chimayamwa zitsulo zapoizoni za m'nthaka monga mtovu ndi kuzisunga m'thupi mwake. Munda wa pafupi ndi mtaya, garaja kapena madzi otuluka m'fakitale utha kubereka mbewu yobiriwira mochititsa kaso, koma wogula wa mankhwala akayeza n'kuikana yonse. Phulusa la zinyalala za m'tauni, lomwe ena amalitama ngati manyowa aulere, lili ndi chiopsezo chomwecho.

Ndipo si vuto lililonse lomwe lili la dothi. Chamba chimayamba maluwa molingana ndi kutalika kwa usana. Mitundu ya ku Ulaya idazolowera dzuwa lalitali la chilimwe cha kwawo. Kuno usana suchoka patali ndi maola 12, choncho imathamangira maluwa ikadali yaifupi. Woyamba akaona zimenezi amada nthaka yake ndi kukagula feteleza wina, pomwe cholakwika ndi mtundu wa mbewu.

Malangizo akasemphana, mlimi afunse wolangizayo kuti adalima mtundu uti, kuti, ndipo adagulitsa kwa yani. Amene akulangiza ali ndi katundu wogulitsa m'manja amvedwe ndi khutu limodzi. Mawu olemera kwambiri ndi a wogula amene wasaina mgwirizano, poti ndiye amanena ngati akufuna ulusi, njere kapena maluwa. Cha ulusi chimadzalidwa mothithikana kuti chitalike; cha maluwa chimafuna mpata, ndipo mbewu zazimuna zimazulidwa zisanamwaze mungu. Mgwirizanowo ulembe poyera kuti ndani adzayeze zokolola, pa labotale iti, ndi amene adzalipire mayesowo.