Phunziro la Nchito za Manja: Kukuta Matambula a Gilita ndi Vanishi wa Madzi

Ambiri a ife taonapo matambula acitsulo onyezimira amene anthu akupatsana pa kitchen party ndi pa ukwati. Ena mwa inu mwayamba kale kuwakongoletsa kuti muzigulitsa. Ndi nchito yabwino, koma ili ndi poterera pake: gilita ikapanda kukutidwa bwino imayoyokera m'manja mwa wogula, ndipo wogula amene wakhumudwa kamodzi sabweranso. M'phunziro lino tikambirana za cokutira ca pamwamba, cimene cimateteza gilita pamodzi ndi dzina lanu.

Cifukwa ciani vanishi wa madzi?

Anthu ambiri amakuta matambula ndi mankhwala ochedwa epoxy. Amenewa amabwera m'mabotolo awiri oyenera kusakaniza pa muyeso weniweni, ndipo mukaphonya muyeso tambula imakhala yomata. Epoxy isanaume imatha kuyambitsa ziwengo ndi kuyabwa pakhungu, ndipo thupi likayamba kudana nayo kawirikawiri silileka. Imafunanso magolovesi, malo opita mphepo ndi kamakina kozunguza tambula kwa maola ambiri. Magetsi akazima pakati, epoxy imatsetserekera mbali imodzi.

Vanishi wa madzi safuna kusakaniza, fungo lake ndi locepa, ndipo burashi mumatsuka ndi madzi ndi sopo. M'citini amaoneka ngati mkaka, koma madzi akauma timbali take ting'onoting'ono timagwirana n'kukhala kakhungu koonekera ngati galasi. Ku America ambiri amagwiritsa nchito wochedwa CrystaLac Brite Tone. Kuno kwathu funsani m'sitolo za penti vanishi wa madzi wonyezimira, wa mtundu wa acrylic kapena polyurethane, ndipo muyeseni pa tambula imodzi musanalandire maoda.

Cenjezo: mau a pacitini akuti vanishi alibe poizoni satanthauza kuti ndi woyenera kukhudza pakamwa kapena cakumwa. Musapake m'kati mwa tambula, ndipo kukamwa kwake siyani sentimita imodzi yosapaka kanthu.

Zofunika

Tambula yacitsulo, gilita, penti wofanana ndi mtundu wa gilita, guluu woyera wouma moonekera, vanishi, burashi yofewa, sandipepa ya nambala 400 kapena 600, tepi ya pepala, spiriti, ndi kamtengo kokulungidwa nsanza.

Kacitidwe kake

1. Palani tambula ndi sandipepa kuti penti agwire. Itsukeni ndi sopo, ndipo ikauma ipukuteni ndi spiriti kucotsa mafuta a m'manja.

2. Matani tepi kukamwa kwa tambula. Lowetsani kamtengo m'kati kuti muzigwira pamenepo, osati pa tambula.

3. Pakani penti ndi kudikira aume. Penti ameneyu amabisa mipata imene gilita ingasiye.

4. Pakani guluu mopyapyala, ndipo wazani gilita mutayala pepala pansi kuti yogwa muibweze m'botolo. Ikauma, kunthani yosagwira ndi burashi youma.

5. Takasani vanishi pang'onopang'ono. Musakhuchumule citini, cifukwa thovu limakasanduka timabowo pa tambula.

6. Ulendo woyamba musakoke burashi, muzingoigunditsa mofewa kuti gilita isasunthe.

7. Maulendo otsatira pakani mopyapyala, kulowera mbali imodzi. Mukayamba kuona kuuma musabwererepo ndi burashi. Dikirani nthawi yolembedwa pacitini. Kwa Brite Tone ndi maola 4.

8. Gilita ikakwiririka, palani pang'ono ndi sandipepa, pukutani fumbi ndi nsalu yonyowa, ndi kupakanso mpaka dzanja lizitsetsereka popanda kumva mcenga. Mukafulumira kupala mudzakanda gilita ndi kuicotsa mtundu.

9. Cotsani tepi mosamala, mukudula m'mphepete mwake ndi lumo kuti vanishi asang'ambike.

Kuuma ndi kukhwima

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Vanishi wa madzi ndi wopyapyala, motero tambula imodzi imafuna kupakidwa maulendo oposa 10, ndipo gilita yaikulu imafuna oculuka kuposa yaing'ono. Ngati mupaka katatu pa tsiku, maulendo 15 ndi masiku 5. Mukati mufupikitse njira popaka wambiri nthawi imodzi, pamwamba pamauma pansi pakali madzi. Vanishi amayera ngati nkhungu, amadontha, ndipo pambuyo pake amasupuka.

Ndiponso kuuma si kukhwima. Tambula imene yauma m'manja lero imatenga masiku ofika 30 kuti ilimbe kotheratu. M'nyengo ya mvula ndi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kuuma kumacedwa. Musaiumitse pa mbaula kapena padzuwa loswa mtengo. Iikeni m'cipinda copita mphepo, mopanda fumbi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cotero amai, wina akabwera Lolemba kufuna matambula 10 a ukwati wa Loweruka lomwelo, muuzeni zoona. Kutaya oda imodzi kuli bwino kuposa kupereka mphatso imene idzasupuka pamaso pa mkwatibwi. Pakani matambula angapo pamodzi kuti nthawi yodikira ikupindulireni, ndipo poika mtengo muwerengere masiku anu, osati zogula zokha.

Uzani wogula kuti azitsuka ndi manja, ndi madzi ofunda ndi nsalu yofewa. Asaiviike m'madzi, ndipo asaikwece ndi waya wotsukira mapoto. Pogwira nchito, ana aang'ono akhale patali, pakuti gilita ikalowa m'diso imakanda. Yogwera pansi isesedwe ndi kutayidwa m'zinyalala, osati m'madzi, cifukwa yambiri ndi pulasitiki ndipo siola.

Mafunso okambirana

1. Kodi kuuma ndi kukhwima zisiyana bwanji?
2. Cifukwa ciani tisiya mpata kukamwa kwa tambula?
3. Mungamuyankhe bwanji wogula wofuna katundu mwamsangamsanga?

Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi kapu yakale yacitsulo ndi burashi. Tiyambe kuphunzirira pa zakale tisanaononge zatsopano.