Kupima Thanzi la Netiweki ya pa Bizinesi Yaing'ono

Mai wanzeru sadikira kuti mwana wake ayambe wadwala asanapite naye ku chipatala. Mwezi ndi mwezi amam'bereka kunka naye ku sikelo, ndipo anamwino amalemba kulemera kwake m'kabuku. Tsono tsiku limene mzere wa m'kabukumo uyamba kutsika, matenda amadziwika mwanayo akali kusewera pabwalo. Makompyuta a pa bizinesi yaing'ono afuna chisamaliro cha mtundu womwewo. Pa sitolo ya zipangizo zomangira, kapena mu ofesi ya owerengera ndalama, makompyuta asanu kapena khumi amakhala olumikizana ndi makina osindikizira, makamera ndi mafoni a anchito, ndipo kulumikizana konseku ndiko kumene anthu amakutcha netiweki. Eni ake ambiri amaikumbukira pokha-pokha tsiku limene yafa, ogula ataima pa mzere, malisiti akukana kutuluka. Pamenepo mmisiri amaitanidwa mothamanga, nafunsa kuti, "Kodi kale zinali kuyenda motani?" ndipo sapezeka womuyankha.

Chotero nchito yoyamba ndiyo kugula kabuku, netiweki ikali yamoyo. M'menemo mulembedwe chida chiri chonse, malo amene chiri, ndi nambala yake ya pa netiweki, imene amati IP. Chida chachikulu ndicho rauta, kabokosi kamene kamalandira intaneti kuchokera kunja ndi kuigawira m'nyumba. Pambali pake kawiri-kawiri pamakhala switch, bokosi la mabowo ambiri mmene zingwe za makompyuta zimakomana. Rauta iri ndi tsamba lake, lotsegulidwa pa kompyuta, limene limaonetsa zida zonse zolumikizidwa nthawi imeneyo. Mwini bizinesi ayerekeze mndandanda umenewo ndi wa m'kabuku. Ngati kabuku kakuti zida ziripo 14 pamene rauta ikuti 23, ndiye kuti m'nyumba muli alendo amene sanaodire, ndipo ayenera kufunsidwa maina.

Pambuyo pake ziyang'anidwe zingwe, pakuti matenda ambiri amabisala m'menemo. Chingwe cha netiweki chiri ndi timawaya 8 topotana tiwiri-tiwiri, ndipo sichiyenera kupitirira mamita 100 m'litali. Kuti chinyamule liwiro la mamegabiti 1,000 pa sekondi, timawaya tonse 8 tiyenera kukhala tabwino. Koma liwiro la mamegabiti 100 lifuna timawaya tinai tokha. Tsono khoswe akatafuna kawaya kamodzi kudenga, kapena mwendo wa mpando ukachifinya chingwe tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri makina satseka njira ai: amangogwirizana mwakachete-chete kutsika kuchoka pa 1,000 kufika pa 100. Wanchito amadandaula kuti kompyuta yake yakalamba, mwini wake nayamba kufunsa mitengo ya yatsopano, pamene cholakwa ndi chingwe cha mtengo wochepa. Kompyuta iri yonse imaonetsa liwiro la chingwe chake pa malo osinthira za netiweki, ndipo pa ma switch ambiri kanyali ka pa bowo kamasintha mtundu liwiro likatsika. Kulinso kuyesa kwina kosafuna nzeru za mmisiri. Munthu atenge fayilo imodzi ya gigabaiti imodzi, aitumize kuchoka pa kompyuta ina kunka pa inzake, wochi iri m'manja. Pa chingwe chabwino nchitoyi itha m'masekondi pafupi-fupi 10. Pa chingwe chodwala itenga mphindi imodzi ndi theka. Nambala imene yapezeka ilembedwe m'kabuku pamodzi ndi tsiku lake.

Anthu akamati "intaneti yavuta" amakhala atasonkhanitsa matenda atatu osiyana m'mau amodzi, ndipo chida chowalekanitsa chiri kale m'kompyuta iri yonse, chaulere. Dzina lake ndi ping. Anachilemba Mike Muuss wa ku America m'mwezi wa December 1983, ndipo nchito yake ndiyo kuitana chida china ndi kuwerenga nthawi imene yankho latenga kuti libwere. Nthawiyo imawerengedwa m'mamilisekondi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Pa Windows munthu amatsegula Command Prompt nalemba ping ndi nambala ya rauta, imene pa marauta ambiri ndi 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Pa chingwe chabwino yankho limafika mkati mwa milisekondi imodzi kapena ziwiri. Koma popeza ping imangoitana kanai kokha ikapanda kuuzidwa zina, ndi bwino kulemba ping -n 100, kuti iitane maulendo 100. Pakuti matenda obwera ndi kupita sagwidwa pa kuitana kanai. M'nyumba momwemo, pa chingwe, sipayenera kutayika yankho ngakhale limodzi. Akatayika atatu kapena asanu, vuto liri mkati, ndipo kukalipira kampani ya intaneti pa lamya ndi kutaya nthawi chabe.

Rauta ikayankha bwino, munthu aitane chida cha kunja, monga 8.8.8.8, nambala ya kampani ya Google yotsegukira anthu onse. Kumeneko kukakhala zii, ndiye kuti njira ya kunja yaduka, ndipo mlandu uli kwa ogulitsa intaneti. Koma nambalayo ikayankha, pamene dzina ngati google.com likukana, cholakwa chiri pa DNS, nchito imene imasandutsa maina kukhala manambala, ndipo zimenezi zimakonzeka pa tsamba la rauta. Mayeso atatuwa satenga mphindi khumi. Mphamvu yake iri pa kuwabwereza mwezi uli wonse, pa ola lomwelo la nchito, chifukwa mamilisekondi 80 paokha sanena kanthu; amayamba kulankhula pamene kabuku kakuonetsa kuti miyezi isanu yapitayi anali 30.

Za Wi-Fi sizichuluka. Munthu ayende ndi foni m'zipinda zonse, aone pamene mphamvu ikuthera. Mafunde a 5 GHz ndi ofulumira koma amafooka msanga pa makoma a njerwa; a 2.4 GHz amafika patali koma amapanikizana ndi a oyandikana nao, ndipo pa mafunde amenewa ngalande zosalowerana ndi 1, 6 ndi 11. Rauta yoikidwa pansi pa tebulo, kuseri kwa kabati yachitsulo, siingathe kugwira bwino nchito ngakhale ikhale yodula motani.

Koma netiweki ikhoza kuthamanga bwino-bwino iri ndi khomo losatseka, ndipo apa mpamene eni mabizinesi amachita ulesi woopsa. Marauta ndi makamera ambiri amachoka ku fakitale ndi mau achinsinsi odziwika kwa aliyense, monga admin. M'chaka cha 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'zida zikwi mazana-mazana pa dziko lonse, pongoyesa mau a ku fakitale okwana ngati 60 okha. Chotero mau a rauta asinthidwe tsiku loigula, ndipo a Wi-Fi asinthidwenso wanchito akachoka pa nchito, ngakhale atachoka mwamtendere. Loko wa Wi-Fi akhale WPA2 kapena WPA3. Wakale uja wa WEP anadziwika kufooka kwake mu 2001. Alendo ndi ogula apatsidwe khomo lao-lao, limene marauta ambiri ali nalo, kuti foni ya mlendo isaone kompyuta yosunga mabuku a ndalama.

Makompyuta nawonso afuna katemera, ndiye zokonza zimene opanga mapulogalamu amatumiza. Pa 12 May 2017 pulogalamu yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta oposa 200,000 m'maiko oposa 150, nifuna dipo kuti iwatsegule. Ku England zipatala zina zinabweza odwala. Chomvetsa chisoni nchakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera khomo limenelo m'mwezi wa March chaka chomwecho. Ogwidwawo anali amene anazengereza. Tsono pa kupima netiweki, kompyuta iri yonse ionedwe tsiku limene inalandira zokonza komaliza. Windows 7 inasiya kulandira mu January 2020, ndipo chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025. Kompyuta yotsalira pa mitundu imeneyi, yopanda dongosolo lapadera loonjezera nthawi, siyenera kusunga za ndalama.

Kumene magetsi amathima-thima, ndi kumene mphezi zimachuluka m'dzinja, rauta ndi switch ziyenera kukhala pa UPS, bokosi la batire lopereka magetsi a kanthawi. Batire yake imakhala zaka zitatu kufikira zisanu, ndipo kutentha kumafupikitsa masiku ake, ngakhale kanyali ka kutsogolo kakhale kobiriwira. Njira yoiyesa ndiyo kuzimitsa magetsi a pakhoma dala, nchito itaweruka, ndi kuwerenga mphindi.

Chotsiriza kuchipima ndicho nkhokwe, kutanthauza malo amene mafayilo a bizinesi amakoperedwa kuti asatayike. Lamulo limene amisiri ambiri amatsata nlakuti pakhale makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumbayo, pakuti moto ndi wakuba sasankha pakati pa kompyuta ndi kabokosi kokhala pambali pake. Kabokosi kolumikizidwa usana ndi usiku nakonso kamatsekedwa pamodzi ndi kompyuta mapulogalamu ofuna dipo akalowa. Ndipo uthenga wa pa kompyuta wakuti kukopera kwatheka si umboni wokwanira, monga denga labwino la nkhokwe silinena kanthu za anankafumbwe amene ali mkati. Kamodzi pa mwezi mwini bizinesi asankhe fayilo imodzi, monga ya malipiro a mwezi watha, aibweze kuchokera m'nkhokwemo pa kompyuta ina, aitsegule, naone ndi maso ake ngati manambala ndi omwewo. Ikatseguka, tsikulo lilembedwe m'kabuku. Ikakana, mmisiri aitanidwe sabata yomweyo, kompyuta yaikulu ikali kuyenda.